Za kanyenya wa pachisanu uja

Eee, msuweni wanga... ndamva, ndamva. Akuti "kodi ndingawotche nyama panja kukuzizira chonchi?" Iweyo? Amene unkavala majuzi awiri ku Zomba kukangoti chiperoni pang'ono? Hahaha. Chabwino.

Zimatheka. Ife kuno ku Leeds tinawotchapo sinowo ili mbee pabwalo. Makala ugule ambiri, mphepo imawadya msanga, ndipo usamangovundukulavundukula, moto umathawa. Ngati ndi gasi utenge propane, butane ikangofika pa 0 digiri imagona, kamoto kake ngati kandulo. Uyambe 1 koloko... ayi, 12, pajatu Disembala kuno ikamati 4 koloko kwada kale.

Koma m'galaja usalowe nazo. Ukuwakumbuka amalume, bambo ako aang'ono aja, ali ku Joni? Mwezi wa Julayi, chisanu cha ku Johannesburg chija. Anawotcha mang'ina... ayi, inali nkhuku, mang'ina anali a tsiku la njinga lija, tisayambe zimenezo, azakhali ali m'gulu muno. Atatha kudya akuti makala awa ndagula ndi marandi anga, sangathere panja. Ananyamula mbaula kulowa nayo kuchipinda, kutseka chitseko, mpaka kutsekera nsanza kunsi kwake. M'mawa mnzawo akugogoda, zii. Kugogodanso, zii. Anachita kuthyola chitseko, kuwakokera panja ali lende, kenako kusanza. Mpweya wa makala uja sununkha, suoneka, umangokugoneka basi. Ndiye atatsitsimuka, mawu oyamba akuti "nkhuku yotsala ija mwaika pati?" Mpaka lero amati anawalodza. Anthu akwanu inu!

Mmm... komatu ine ndakumva. Za kanyenya si zako iwe, nsima yomwe umapsereza. Khirisimasi yoyamba kunja, uli wekha m'kachipinda, mtima wapita pakhonde pa agogo. Ukusowa anthu iwe. Kwera sitima ubwere kuno. Alamu ako agula kale mbuzi... theka la mbuzi, ndisaname, ufa uliponso.

Mbaula usagule, ndalamayo ugule tikiti. Wamva? Matiresi alipo. Inu nonse mukumvetseranu musamuseke mwana... chabwino, musekeni pang'ono. Koma iwe ubwere, pa 24 ndikupeze pa siteshoni, pa 25 sitima kuno siziyenda.