Kodi a Suzuki onse ndi pachibale?

Bambo wina wa ku Lilongwe, wogulitsa zipangizo za galimoto, wandilembera imelo. Akuti tsiku lililonse pakamwa pawo sipachoka Toyota, Honda ndi Suzuki, ndipo anamva kuti awa ndi mayina a anthu. Akufunsa ngati mayinawa ali ngati mifunda yathu ya Phiri kapena Banda, moti a Suzuki awiri akakumana amatengana ngati amodzi.

Bambo, zoti ndi mayina a anthu n'zoona. Honda anaiyambitsa Honda Soichiro, Suzuki anaiyambitsa Suzuki Michio, ndipo Toyota inayambitsidwa ndi banja la a Toyoda. Ku Japan, kwawo kwa makampaniwa, dzina la banja limabwera poyamba, la mwini wake pambuyo. Koma a Suzuki awiri nthawi zambiri alibe chibale chilichonse, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya dzikolo.

M'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, kutchula dzina la banja poyera unali ulemu wa asilikali a samurai ndi anthu apamwamba. Alimi ndi amalonda ambiri anali nawo mayina akumudzi, koma sankaloledwa kuwalemba m'makalata a boma. Boma latsopano la mfumu Meiji linawalola mu 1870. Anthu anazengereza, ndiye mu 1875 linalamula kuti aliyense akhale nalo, poti linkafuna kaundula wa msonkho ndi wa usilikali. Ena analembetsa dzina lakale, ena anatenga la malo amene ankakhala.

N'chifukwa chake mayina ambiri amanena za nthaka. Tanaka ndi pakati pa minda ya mpunga, Yamamoto ndi patsinde pa phiri, Kobayashi ndi kankhalango, Inoue ndi pamwamba pa chitsime. Minda ya mpunga ndi mapiri zili paliponse m'Japan, choncho mabanja osadziwana n'komwe anapezeka ndi dzina limodzi. Mayina onse amaposa 100,000.

Alipo ena a mizu yakuya. M'chaka cha 669 mfumu Tenji inapatsa Nakatomi no Kamatari dzina la Fujiwara, ndipo banjali linalamulira kunyumba yachifumu kwa zaka mazana. M'kalembedwe ka Chijapani, chilembo choyamba cha Fujiwara chimawerengedwanso "to", n'chimene mumamva kumapeto kwa Sato, Ito ndi Kato. Ito ndi a Fujiwara a ku Ise, Kato a ku Kaga. Si onse otchedwa choncho amene ali zidzukulu zenizeni. Mfumu ya Japan payokha ilibe dzina la banja.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti kumeneko dzina ndi la nyumba, osati la magazi. Banja likakhala lopanda mwana wamwamuna, limatha kutenga mkamwini n'kumulembetsa ngati mwana wawo. Kwathu mkamwini amakhala kuchikamwini ndi dzina lake, koma uko amasiya lake n'kutenga la apongozi. Suzuki Osamu, amene anatsogolera kampani ya Suzuki kwa zaka zambiri, anabadwa ali Matsuda, ndipo anakhala Suzuki atakwatira m'banjamo.

Nkhaniyi ikadali yotentha. Ndime 750 ya malamulo a Japan okhudza mabanja imati okwatirana akhale ndi dzina limodzi. Lamulo silinena kuti likhale la ndani, koma m'maukwati pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse wosintha ndi mkazi. Khoti lalikulu linati lamuloli lipitirire mu 2015 ndiponso mu 2021. Ine ndimaona kuti amayi odandaulawo ali ndi mfundo. Munthu wadziwika ndi dzina lake kusukulu ndi kuntchito, kenako asinthe pasipoti, akaunti ya kubanki ndi chidindo chake chosainira, pamene mwamuna sasintha kanthu.