Kodi manambala angadziwe chisoni cha munthu?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ku Chibavi. Chimwalirireni amuna anga tulo sindiliona, ndiye ndinayamba kukaonana ndi aphungu. Ulendo uliwonse amandifunsa mafunso 9 omwewo n'kulemba manambala. Ndamva kuti mafunsowo ndi ochokera kunja. Angadziwe bwanji za mumtima mwanga?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zovutazi. Mafunso mukunenawo akuoneka kuti ndi a PHQ-9, pepala lothandiza kuona ngati munthu angakhale ndi matenda a kukhumudwa (depression). Amafunsa za masabata awiri apitawa: tulo, chilakolako cha chakudya, kufooka, kusasangalala ndi zomwe kale zinkakukomerani. Yankho lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi sizipitirira 27. Ndi zoona, analembedwa ku America m'Chingerezi.

N'chifukwa chake sitimangowatola n'kuyamba kufunsa anthu. Kwathu kuno munthu safika n'kunena dzina la matenda. Amati "ndikuganiza kwambiri", "mtima ukundiwawa", "thupi lonse lafooka". Choncho ofufuza amayamba awamasulira mafunsowo, kenako munthu wina amene sanaone a Chingerezi aja amawabwezera m'Chingerezi, kuti aone ngati tanthauzo silinatayike panjira. Amawawerengeranso anthu wamba n'kuwafunsa kuti, "Apa mwamva kuti chiyani?"

Mayeso enieni amabwera pambuyo pake. Anthu ambiri amayankha mafunsowo, ndipo katswiri wa matenda a maganizo, amene sanaone manambala awo, amacheza ndi aliyense payekha mofatsa. Akatero amafananiza: mwa odwaladi, pepala lagwira angati? Mwa osadwala, lanamizira angati? Apa ndi pomwe amapeza nambala yoyambira kudera nkhawa. Ntchito yotereyi inachitikapo kuno ku Malawi. Mafunso 20 a bungwe la WHO otchedwa SRQ anayesedwa m'Chichewa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, zotsatira zake zinatuluka mu 2009. PHQ-9 inayesedwa ku Lilongwe pakati pa odwala shuga.

Chomwe chimandikhudza ine kuno ku Mzuzu ndi chilankhulo. Ambiri amamva Chichewa bwinobwino, koma za mumtima amazinena m'Chitumbuka. Ngati funso silinakulowereni, musangovomera pofuna kulemekeza aphunguwo. Auzeni alifotokozenso.

Pepalalo silikugamula kuti mukudwala, makamaka inu amene muli pachisoni, poti maliro paokha amakweza nambala. Ogamula ndi aphungu atakumvetserani. Kubwerezabwerezako kuli ngati kupita ndi mwana kusikelo: ulendo umodzi sunena zambiri, koma mzere wa pakhadi umaonetsa ngati akukula. Nambala yanu ikamatsika, uphungu ukugwira ntchito. Ikaima malo amodzi, amasintha njira kapena kukutumizani kwa dokotala.

Funso lomaliza limafunsa ngati mumaganiza kuti kuli bwino kufa kapena kudzivulaza. Limenelo chonde musabise. Maganizo otere akakufikirani musadikire tsiku lomwe anakupatsani. Uzani wachibale amene mumamukhulupirira, akuperekezeni tsiku lomwelo kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God kapena ku Mzuzu Central Hospital.