Za geni ya magitala amagetsi ndi mkangano wa thabwa uja

Mphwanga, wafunsa ziwiri pakamodzi: geni yooda magitala amagetsi kunja imayenda bwanji, komanso ngati ndi zoona kuti pickup, kachipangizo kotola kulira kwa nsambo, yomweyomweyo imalira mosiyana ikasinthidwa gitala kapena thabwa. Za mapasipoti, ma ejenti ndi kuwerengera msonkho sinditaya nazo nthawi, zimenezo ukangoyamba kuyenda uziona wekha, ndipo ngati zikukuvuta panopa ndiye geni iyi isiye. Lachiwirilo ndi pamene pamadyedwa ndalama za anthu.

Ine ndikafika kwa ogulitsa sindifunsa thabwa ayi. Iwowo ndi amene amathamangira kukuuza, iyi ndi mahogany bwana, iyi alder, iyi ash, pamene gitala yonse yapakidwa penti yakuda bii, iwe uona bwanji zamkati? Ndimangotulutsa mita yanga yoyezera ma ohm a pickup ndi kachingwe kakafupi, kulowetsa pa jack, polowera chingwe cha ampu, volume mpaka kumapeto, basi kuwerenga. Pickup ya koyilo imodzi, single coil, ya mtundu wa Fender Stratocaster imakhala cha m'ma 6k, kutanthauza ma ohm 6,000, ya makoyilo awiri, humbucker, yachikale cha m'ma 8k, zaukali zija za anyamata a metal zimafika 14k mpaka 16k. Mita siikuuza kuti gitala ikoma, imangokuuza amene akunama. Pabokosi alemba kuti pickup yake ndi Seymour Duncan JB koma mita ikuwerenga 8k, pamene JB yeniyeni ili cha m'ma 16k, ndiye ufunanso umboni wanji? Zofeka zadzaza, zilembo zake zokongola kuposa zenizeni. Ogulitsa ena akangondiona ndikusolola mita amayamba okha kutsitsa mtengo ndisanayankhule, amandidziwa.

Pickup ndi maginito ndi waya wa kopa wopyapyala kwambiri wokulungidwa kambirimbiri, pa Stratocaster pafupifupi maulendo 8,000. Chimene imamva ndi chitsulo cha nsambo chikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo. Ika nsambo za nayiloni uone, zii. Single coil imalira mowala, mothwa, koma imatola kaphokoso ka magetsi kong'ung'udza kaja. Humbucker, imene Seth Lover anapangira kampani ya Gibson ndipo inayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ili ndi makoyilo awiri otsutsana, phokoso lija limafa, saundi imanenepa komanso imada pang'ono. P-90 ili pakatikati, koyilo imodzi koma yotambalala, yamwano, ine ndi imene ndimaikonda ngakhale pamsika imayenda mochedwa. Maginito nawonso, alnico 2 ndi yofatsa, alnico 5 yolimba, ceramic ndi imene imadzaza m'magitala otchipa ngakhale ilipo ceramic yabwino, osangoinyoza poti wamva anzako akunyoza.

Tsono zoti pickup imodzi imalira mosiyana m'magitala awiri, eya ndi zoona, ndazimva ndi makutu angawa. Chimene ndimakana ndi choti anthu amathamangira kunena thabwa. Tenga humbucker uike mu Les Paul, kenako uike mu gitala ya mtundu wa Fender, zisiyana ndithu, koma taona zimene zasintha. Kutalika kwa nsambo pa Les Paul ndi mainchi 24.75, pa Fender 25.5, ndiye nsambo za Fender zimakhala zokungika kwambiri, zimathwanima. Ma pot, tizitsulo ta kunsi kwa zopotokola za volume ndi tone, a Fender nthawi zambiri ndi 250k, a ma humbucker 500k, ndipo ukaika humbucker pa 250k imalira ngati munthu wachimfine, kasitomala n'kumati thabwa lake ndi loipa pamene vuto ndi kachitsulo kakang'ono kosinthika pongowotcherera mawaya. Pamene pickup yakhala, kaya yayandikira bridge, pomwe nsambo zimathera pathupi la gitala, kaya yasunthira kukhosi ngakhale pang'ono chabe, saundi yasintha kale. Telecaster imabaya m'khutu chifukwa pickup yake yapansi yakhala m'kati mwa chimbale chachitsulo ndipo kunsi kwake kulinso chitsulo china, koma anthu amangoimba nyimbo ya ash, ash. Ndiye pali kukwera kwa pickup, masikuluwu awiri aja m'mbali. Ukaikweza kwambiri single coil maginito amakoka nsambo, noti imayamba kugwedera ngati sinachunidwe, ukaitsitsa kwambiri saundi imawonda. Magitala angati ndagula motchipa kwa anthu oti atopa nawo, ine kungopotokola masikuluwu basi n'kugulitsa bwinobwino. Izi sindimayenera kukuuza.

Sikuti thabwa lilibe ntchito. Limamveka paphewa choyamba, Les Paul ya mahogany ndi maple pamwamba imapitirira makilo 4 kawirikawiri, ndipo iwe wolipira katundu pa kilo uzilidziwa bwino thabwa. Limamvekanso pa kutalika kwa noti isanafe, makamaka khosi, khosi lofewa limameza manoti ena. Gitala yamphako ngati ES-335 ya 1958 ija, ukakweza ampu imayamba kulira yokha msanga kuposa ya thabwa lathunthu, apo palibe wotsutsa. Koma zoti munthu atsinzine, ampu ili pa distortion, ng'oma zikulira, n'kunena kuti iyi alder iyi poplar, aaa ndikufuna ndimuone. Fender yeniyeniyo inasiya ash n'kuyamba alder pa magitala ambiri mu 1956, lero anthu amalambira matabwa onse awiri. A kampani ya Danelectro ankapanga magitala ndi masonite, chibodi chotchipa, mpaka pano anthu amazisaka. Mu 2022 woimba gitala wina wa ku Nashville, Jim Lill, anakunga nsambo m'malere popanda thupi la gitala n'komwe, n'kuika pickup pamalo ndi pamsinkhu wofanana ndi pa gitala yake ya mtundu wa Telecaster, ndipo saundi inatuluka yoti ambiri analephera kusiyanitsa. Ndinaseka tsiku limenelo, chifukwa ine anandiphunzitsa zimenezi ndi ofesala wa pa boda, mosafuna.

Unali 2017. Kuyambira 2 January chaka chimenecho pangano la mayiko loteteza nyama ndi mitengo yomwe ili pachiopsezo, la CITES, linaika mitundu yonse ya rosewood pa ndandanda ya mitengo yofuna chilolezo podutsa malire, ndiye gitala iliyonse yokhala ndi rosewood pakhosi pomwe timadina zala inafunika pepala. Ine ndinkadziwa, sindine mwana. Ndinapeza oda yaikulu kuposa zonse zimene ndinagwirapo, sitolo ina inkafuna magitala ambiri pakamodzi, ndalama zanga sizinakwane ndinakatenga katapila, ndipo dala ndinasankha a pau ferro, thabwa loti silili pa ndandandawo, makampani akuluakulu omwe anali atayamba kusamukira komweko. Mapepala onse ali m'manja. Ndafika pa boda, ofesala wina wamimba yake watsegula bokosi limodzi, wayang'ana khosi, akuti rosewood iyi. Ndikuti bwana ndi pau ferro, onani invoisi. Akuti chilichonse chabulauni ndi rosewood, bweretsa chilolezo. Chilolezo cha thabwa losafuna chilolezo ndikachitenga kuti? Kumene ndinagulako anandiseka, akuti sitingakulembere pepala la chinthu chomwe palamulo palibe. Ndabwerera, munthu uja watulutsa kiyi wa galimoto n'kukanda pakhosi pa gitala yatsopano ine ndikuona, n'kununkhiza, eti kununkhiza, akuti fungo lake ndi lomwelo. Mpaka lero ndikamva kiyi akulira m'thumba mwa munthu wa yunifolomu mtima umandiwawa.

Chimene ankafuna ndinkachidziwa, kangachepe, koma kangachepe kake kanali kosachepa, ndipo ndinakana chifukwa ndinalibe mlandu. Katundu yense analowa m'nyumba yawo yosungira zolandidwa, denga lodontha, dzinja lili pakati. Lero bwana wamkulu kulibe, mawa fayilo yasowa, mkuja akuti tikudikira katswiri wa zamitengo, katswiri amene sanabwere mpaka nkhani inatha. Uku ndalama yosungira katundu ikukwera tsiku ndi tsiku, ndikulipira lendi ya ndende ya katundu wanga yemwe, uku wakatapila akuimba foni mbandakucha, uku a sitolo aja atopa agula kwina. Akazi anga anagulitsa zinthu zawo zoti sindingazitchule pano. Miyezi inapita. Tsiku lomwe anandimasulira, popanda ngakhale pepani, ofesala wina wachinyamata anangodinda n'kunena kuti zikuoneka kuti panalibe vuto. Panalibe vuto!

Kutsegula mabokosi ndinakhala pansi. Makosi opindika, ma fret, tizitsulo ta pakhosi tija, atuluka m'mbali akucheka zala, penti yatupa, matupi ena asweka molumikiza chifukwa cha chinyontho, nsambo zonse dzimbiri. Magitala ena anali opepuka modabwitsa, kuyang'ana, mabowo okhaokha, ma pickup anazulidwa, mawaya odulidwa bwinobwino ndi pulayala. Ndiye ona, munthu wosadziwa kusiyanitsa pau ferro ndi rosewood, kapena mnzake, ankadziwa bwino lomwe pamene pali ndalama mu gitala. Thabwa lomwe ankalilondera usana ndi usiku analisiya kuti liwole.

Chinandipulumutsa ndi ma pickup otsalawo, poti anali oviikidwa mu phula madzi sanalowe m'makoyilo, mita inawerenga bwino onse. Ndinawazula, ndinasakasaka magitala otchipitsitsa a basswood ndi poplar, oti oimba enieni sawayang'ana n'komwe, bola khosi lowongoka. Kuchotsa zamkati zonse, kuika ma pickup aja, ma pot a 500k, jack yabwino, kusalaza ma fret, kuchuna msinkhu usiku wonse khutu lili pa ampu. Anayenda onse. Mdala wina woimba lead kuyambira ine ndisanabadwe anaiyesa imodzi, anatsinzina, n'kunena kuti mwana iwe mahogany sanama, tamva kunenepa kwake. Ndinamuuza kuti bambo iyi ndi basswood, sindigulitsa bodza ine, anakana mpaka tinamasula chivundikiro chakumbuyo n'kuona thabwa loyera mbee lofewa loti chikhadabo chimalowa. Anagulabe, koma anandipempha kuti ndisauze anzake. Ngongole ndinabweza, mochedwa, wakatapila atadya kale gawo lake lonenepa.

Lamulo lija analifewetsa kumapeto kwa 2019, zida zoimbira zomalizidwa anazichotsamo, kupatula Brazilian rosewood yomwe ndi yoletsedwa kwambiri kuyambira 1992, imeneyo usaiyandikire ngakhale gitala yakale ikukukopa bwanji. Koma usaganize kuti aliyense pa boda anamva zoti zinasintha, ena akadali ndi chipepala cha 2017 mu diroo, chimawathandiza. Uziyenda ndi pepala losindikiza la kusinthako, ndipo wogulitsa azilemba dzina la thabwa lasayansi pa invoisi, osati kungoti hardwood. Akakana kulemba, pita kwina.

Masiku ano ine magitala athunthu ndimatenga ochepa, ndimanyamula ma pickup, ma pot ndi ma switch, zolowa m'chikwama chimodzi chomwe sichichoka pamwendo panga. Usawaunjike pamodzi, makamaka a alnico pafupi ndi a ceramic kapena pafupi ndi sipika, maginito amafooka, lililonse likhale m'kabokosi kake. Ma pickup a EMG ndi ena a batire ya 9V, chotsa batire usanapakire, ndipo dziwa kuti amenewo amalira pafupifupi chimodzimodzi paliponse pamene wawaika, n'chifukwa chake anyamata a metal sakangana nawo za thabwa. Pickup yotchipa uziyesa pa ampu yokweza, igogode ndi chala kapena ukuwe pafupi, ikamveka mawu ako ndiye kuti phula mulibe, ikalira mluzu pa siteji kasitomala adzakubwezera pamaso pa anthu. Magitala a khosi lomanga ndi mabawuti, masula khosi upakire padera, bokosi limachepa ndipo silithyoka. A khosi lomata ngati Les Paul amathyoka kumutu akangogwa chagada, ndipo onyamula katundu sagwetsa mwangozi, amaponya.

Wafunsanso kuti phindu limakhala lotani, limenelo sindikuuza. Koma usanaode humbucker ya pa bridge funsa kaye kuti ikalowa gitala yanji, chifukwa nsambo za Fender ndi za pa bridge ya Floyd Rose ndi zotalikirana kuposa za Gibson, pamafunika imene amalemba kuti F-spaced, apo ayi nsambo zam'mphepete zimadutsa pambali pa timitu ta maginito ndipo kasitomala wamaso akuthwa sakulipira. Mita ugule yako, yanga sindibwereketsa.