Oyilo akudonthera pa nsapato: kapaipi ka geji mu Land Rover yakale

Funso: Amisiri, ndili ndi Land Rover Series III ya 1978 imene anandisiyira malemu bambo anga. Anaigula pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo atapuma ntchito ya udalaivala. Pa dashibodi anaikitsapo geji ya Smiths yoonetsa mphamvu ya oyilo, ndipo kumbuyo kwake kuli kapaipi ka pulasitiki kochokera ku injini. Sabata yatha ndinapeza madontho akuda pa nsapato ndi pa mphasa ya pansi. Ndinakulunga kapaipiko ndi malegeni, kudontha kunasiya masiku awiri, kenako kwayambiranso, makamaka m'mawa. Loweruka ndili ndi ulendo wa ku chinkhoswe ku Muloza. Ndingomata ndi guluu wouma ngati chitsulo uja, kapena nditani?

Yankho: Achimwene, guluuyo msiyeni m'sitolo, ndipo malegeniwo muwachotse lero lomwe. Oyilo amafewetsa labala wa chubu mpaka kukhala ngati phala, ndipo pulasitiki ya kapaipiko simagwirana bwino ndi guluu, makamaka ikakhala yonona ndi oyilo.

Anthu ambiri amakapeputsa kapaipi aka chifukwa n'kakang'ono ngati udzu. Geji yanuyo si yamagetsi. Oyilo weniweni wa m'injini amakwera m'kapaipiko mpaka kukafika kumbuyo kwa geji, kumene amakankha kachubu kopindika ka mkuwa kotchedwa Bourdon tube. Kachubuko kakamayesa kuwongoka, singano imasuntha. Injini ngati yanuyo ikakhala yabwino, pa msewu singano imakhala cha m'ma 50 psi (muyeso wa mphamvu yokankha), pomwe matayala a galimoto zing'onozing'ono timawapopa cha m'ma 30. Ndiye taganizani kapaipi kokhala ndi mphamvu yoposa ya tayala, pafupi ndi mawondo anu, katamangidwa ndi malegeni. Kakaphulika mkati mudzamva kutentha pa mwendo n'kuima. Kakathyokera ku injini, oyilo amathira pa msewu inu mukuimba nyimbo, ndipo mukamafika pa Luchenza injini yanoka kale.

Zoti kumadontha kwambiri m'mawa n'zomveka. Kukazizira, monga masiku a chiperoni a mu Juni ndi Julayi, oyilo wa 20W-50 amalimba, mphamvu imakwera kuposa injini ikatentha, ndipo kamng'alu kalikonse kamatseguka.

Yambani n'kupeza pomwe pakudonthera, chifukwa oyilo amayenda ndi paipi n'kukagwera kutali ndi bala. Pukutani kapaipi konse ndi nsanza yonyowetsa ndi parafini, muumitse, kenako kulungani pepala loyera pa nati ya kumbuyo kwa geji, lina pomwe kapaipi kaboola chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, lina ku injini. Lizani injini mphindi ziwiri. Pepala loyamba kuda ndilo likuuzani zoona. Pa galimoto zomwe zandidutsa m'manja, kawirikawiri vuto limakhala pa bowo la chitsulolo: kalabala kotchinga m'mphepete kanaola kalekale, ndiye chitsulo chakhala chikucheka kapaipi pang'onopang'ono m'mabampu a m'minda ya tiyi. Kwina ndi pa nati penipeni.

Tsopano pindani kapaipiko pang'ono ndi zala. Ngati kakulimba ngati kamtengo kouma, kapena kasanduka kachikasu, musavutike n'kudula pomwe pabooka kuti mulumikize. Katha konse. Gulani katsopano ka 1/8 inchi, ndi timphete tatsopano ta mkuwa timene amisiri timati ma olive. Kamphete aka kamafinyika nati ikamangidwa, n'kuluma paipi, ndipo ndiko kamatseka oyilo. Kakafinyika kamodzi kagwira ntchito yake, sikabwerezedwa. Ndaonapo anthu akukachotsa ndi pulayala pa paipi yakale kuti asunge ndalama ya sopo, kenako n'kugula malita asanu a oyilo.

Ine ndimakonda paipi ya mkuwa kuposa ya pulasitiki, koma nayo ili ndi khalidwe lake. Injini imagwedera pa malabala ake pomwe bodi ili phee, ndipo mkuwa ukamapindidwapindidwa umauma n'kuthyoka, nthawi zambiri pafupi ndi nati. Mankhwala ake ndi kuizunguliza paipiyo kawiri kapena katatu pa botolo laling'ono kuti ikhale ngati sipuling'i pakati pa injini ndi bodi, kuti kugwedera kuzithera m'mazingawo. Ngati thumba likulola, kwa amene amapanga mapaipi a hydraulic ku Limbe mungapangitse kapaipi kofewa kokutidwa ndi waya woluka, kokhala chigawo cha ku injinicho. Muone ndi malabala a injiniwo. Ngati anang'ambika, paipi yatsopano iliyonse sikhalitsa.

Musanalowetse mkuwa kumbuyo kwa dashibodi chotsani waya wa batire. Kumeneko kuli mawaya amoyo, ndipo mkuwa ukawakhudza mudzaona utsi musanaone moto.

Podula paipi dulani mowongoka, muchotse tizitsulo totsalira kukamwa kwake. Lowetsani nati, kenako kamphete, kankhani paipi mpaka igunde pansi, mangani ndi zala, kenako ndi sipanala osafika n'kuzungulira kumodzi komwe. Kumbuyo kwa geji gwiritsani masipanala awiri, ina igwire geji ina imange, apo ayi mupotokola zam'kati n'kupha geji ya bambo anu. Ma geji ambiri a Smiths satseka ndi kamphete kumbali ya geji, amatseka ndi kawashala kakang'ono ka chikopa kapena fibre. Kamagwera pansi osaoneka pomasula, ndipo munthu amamanga nati mpaka kuithyola akudabwa kuti bwanji kukudonthabe. Yalani nsalu pansi musanamasule.

Pali msampha wina umene unandigwirapo ndekha ndili wophunzira. Zida zambiri za ma geji zogulitsidwa masiku ano zimabwera ndi ma thread (timizere tomangira nati) a chi America, 1/8 NPT, okhala ndi timizere 27 pa inchi. Za ku Britain monga za Smiths ndi 1/8 BSP, timizere 28. Ndi maso simungasiyanitse. Zimalowa bwino kawiri katatu, kenako n'kuyamba kulimba, ndipo ine ndinaganiza kuti ndiye zikugwira. Ndinawononga adaputa ya kasitomala, abwana anandidula malipiro a sabata. Pokagula tengani nati yakale m'thumba, muyese pa kauntala pomwepo. Tepi yoyera ija ya mapaipi a madzi musaike pa nati ya kamphete. Imangofunika pa thread yolowa m'injini ngati ndi yosongoka, ndipo muyambire kamzere kachiwiri kuti zidutswa zisalowe m'njira ya oyilo. Ngati switch ya nyali yochenjeza za oyilo ili pamenepo, musachulutse tepi, chifukwa switch imeneyo imapeza earth (njira yobwererera magetsi) kudzera m'ma thread omwewo.

Ngati geji yanu ndi ija yoonetsa oyilo ndi kutentha kwa madzi pamodzi, ili ndi kapaipi kachiwiri kokutidwa ndi waya. Ako musakakhudze ndi chodulira, n'kotsekedwa ku fakitale ndi mankhwala mkati, ndipo kakaboola basi mbali imeneyo yafa.

Za Loweruka: ngati zida simunazipeze pofika Lachisanu, masulani kapaipi ku injini, mutseke bowolo ndi pulagi ya thread yoyenera, osati chiguduli kapena kamtengo kosema. Tsimikizani kuti nyali ya oyilo ikuyaka mukatsegula kiyi n'kuzima injini ikalira. Mutha kupita ku chinkhosweko geji ili pa ziro, bola muone dipstick (kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo) musananyamuke, muimenso pa Chitakale muyang'ane pansi pa galimoto. Mukadzaika paipi yatsopano singano ingachedwe pang'ono kukwera chifukwa cha mpweya wotsalira m'kati. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, mapepala oyera aja ndiwo muwaikenso pa nati zonse ziwiri injini itatentha.