Kodi sefa ya "nano" imachotsadi arsenic m'madzi a pa mjigo?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, watilembera imelo. Wogulitsa wina akuwaumiriza kugula sefa ya "nano", ati imachotsa arsenic m'madzi a pa mjigo, ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Amayi, musanatulutse ndalama yambani mwayezetsa madziwo. Arsenic ndi poizoni wopezeka m'miyala ina ya pansi pa nthaka. Alibe fungo, alibe mtundu, samveka m'kamwa. Kuwiritsa sikumuchotsa: madzi akamaphwera pamoto, poizoniyo amatsalira yense mumphika. Malire amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 0.01 pa lita. Kuno ku Zimbabwe arsenic amayenda ndi golide, m'mwala wa arsenopyrite, ndipo mvula imamukokolola pa milu ya m'migodi. M'makomboni a Harare choopsa chapafupi ndi zam'chimbudzi zolowa m'zitsime, monga kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro inationetsera, choncho yezetsaninso tizilombo.

Kachipangizo koyezera pakhomo kamagwira chonchi: m'botolo la madzi mumathira asidi ndi ufa wa zinki, n'kutseka ndi chivindikiro chokhala ndi kapepala. Ngati muli arsenic, mpweya wotuluka umasandutsa kapepalako chikasu, akachuluka kamadera. Chitirani panja, mpweyawo ndi wakupha. Madzi onunkha ngati dzira lovunda amanamiza kapepalako, ndiye katsimikizeni ku labotale.

Za nanozo si bodza ayi. Masefa ena otere amagwiritsa ntchito tinjere ta dzimbiri la chitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo kuchepa kwakeko n'kumene kumapatsa arsenic malo ambiri omatirira. Mu 2006 akatswiri a ku Rice University anagwiritsa ntchito tinjere ta magnetite (dzimbiri lokokeka ndi maginito) ta mananomita 12 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi), n'kutikoka m'madzi ndi maginito titagwira poizoniyo.

Koma pakhomo zimavuta apa. M'madzi akuya, momwe mpweya ndi wochepa, arsenic amakonda kukhala wa mtundu wa As(III), wovuta kugwira. Thirani klorini pa mlingo wa pa botolo, dikirani mphindi 30 kuti asanduke As(V), mtundu wosavuta kugwira, kenako sefani. Phosphate, mchere wochokera ku feteleza ndi zimbudzi, amalanda malo amene arsenic amamatirira, sefa n'kudzaza msanga. Ikadzaza sipereka chizindikiro. Madzi amatulukabe oyera mbee, poizoni ali momwemo.

Wogulitsayo akuuzeni malita amene sefayo imasefa isanathe mphamvu, ndipo akuonetseni zotsatira za labotale. Akamazemba, musagule. Mukagula, muziyezetsa madzi otulukamo, ndipo sefa yakutha musaitaye kudimba kapena pafupi ndi chitsime.