Funsani Mmisiri: Utsi wa m'khitchini uzitulukira kuti?

FUNSO: Zikomo bambo Mmisiri. Ine ndi amuna anga tinagula nyumba yakale ku Leicester, zija zogundizana ndi za anzathu mbali zonse ziwiri. Khitchini ili kuseri ndipo ili ndi kadenga kakekake. Titaikonzetsa, mmisiri anatiikira chokokera utsi pamwamba pa chitofu. Chikayaka chimalira ndithu, koma ndikaphika nyemba mawindo amachucha madzi, ndipo ndikakazinga usipa fungo limakafika mpaka kuchipinda kwa ana. Amuna anga atasuzumira kudenga anapeza kuti paipi yake yangothera momwemo, pakati pa siling'i ndi denga. Mmisiriyo akuti palibe vuto chifukwa kudengako kumapita mphepo. Kodi akunena zoona? Ndine mayi wa ana awiri, Leicester.

YANKHO: Mayi, sakunena zoona, ndipo musamumalizire ndalama zake mpaka paipiyo itatulukira panja.

Taganizani zimene chokokera utsi chimakoka. Utsi weniweni ndi wochepa. Chochuluka ndi nthunzi ya mumphika ndi timadontho ta mafuta. Nyemba zikamabwata maola awiri, madzi onse amene mumathira mobwerezabwereza aja amakwera m'mwamba. Nthunziyo ikafika kudenga m'mwezi wa Januwale imakumana ndi matabwa ozizira n'kusandukanso madzi. Auzeni bambo akwerenso ndi tochi m'mawa kukazizira. Ayang'ane nsonga za misomali: akaona kadontho kakulendewera pa msomali uliwonse, kapena dzimbiri lozungulira mutu wake, ntchito yayamba kale. Agwirenso ubweya uja amayala pamwamba pa siling'i kuti nyumba izifunda. Pafupi ndi kamwa la paipi umakhala wonyowa, wonata, wachikasu ndi mafuta. Ubweya wonyowa sufunditsa nyumba, matabwa onyowa amachita nkhungu kenako amafumbwa, ndipo mafuta odikha pa thabwa louma ndi chakudya cha moto.

Mphepo imene mmisiri wanu akunena ilipodi. Koma timipata ta m'mphepete mwa denga anatiika kuti tizichotsa chinyezi chochepa chimene chimazembera kudenga chokha. Sanatiikire mphika wa nyemba.

Tsopano za lamulo. Ku England za mpweya m'nyumba zili m'gawo F la malamulo a zomangamanga, ndipo buku lofotokoza gawoli, Approved Document F, lomwe linasindikizidwa mu 2021, linayamba kugwira ntchito pa 15 Juni 2022. Limati chokokera utsi cha pamwamba pa chitofu chimene chikutulutsira mpweya panja chizikoka malita osachepera 30 pa sekondi. Ngati m'khitchini mulibe chokokera chotere, kapena chilipo koma sichitulutsira panja, pakhale fani ina yokoka malita 60 pa sekondi. Pa katoni ya m'sitolo simupeza malita. Amalemba ma kiyubiki mita pa ola, ndiye dziwani kuti malita 30 pa sekondi ndi 108, ndipo 60 ndi 216. Pafupifupi chokokera chilichonse cha m'sitolo chimaposa pamenepo chikakhala pa katoni. Mphamvu yake imathera mu paipi.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa anthu amawononga ndalama pa chokokera chonyezimira n'kuumira pa paipi. Zokokera zambiri zili ndi kamwa la mamilimita 150 kapena 125. Mmisiri waulesi amalichepetsa kufika pa 100 chifukwa ndiyo paipi imene ili m'galimoto mwake. Paipi ya 100 siifika ngakhale theka la malo opita mpweya a paipi ya 150. Zili ngati kumwa thobwa lamaseke ndi kaudzu: mumakoka mpaka masaya kupweteka koma chofika m'kamwa n'chochepa. N'chifukwa chake makina anu akulira kwambiri pamene mawindo akuchuchabe. Kulira si kukoka.

Paipi ikhale yolimba, yosalala m'kati, yaifupi, yosakhotakhota. Ija yofewa yamakwinya ngati mphutsi, bukulo limailola polumikizira pokha, ndipo isapitirire mita imodzi ndi theka. Ineyo sindiikonda n'komwe pa khitchini, chifukwa mafuta amadikha m'makwinyamo ndipo ikalendewera pakati pamasonkhana madzi. Kwa inu njira yabwino ndi kuboola khoma la kuseri, paipi n'kutulukira pomwepo. Kunja kwake aikeko chivindikiro chokhala ndi kachitseko kamene kamatseguka makina akayaka n'kutsekeka akazima, kuti mphepo yozizira ndi mbalame zisalowe. Paipiyo ipendekere pang'ono kunja kuti madzi akapangika azitsikira pabwalo, osati pa chitofu. Ngati palibe kuchitira mwina koma kudutsa kudenga, aikulunge ndi chofunditsa n'kuitulutsira pa denga penipeni, pa chotulukira chake. Ndikuuzeni chilungamo, chifukwa chimene amisiri ambiri amathawira zimenezi n'chakuti kuboola njerwa ziwiri kumafuna makina obwereka, fumbi, ndi theka la tsiku.

Yezaninso kutalika kwake. Ngati opanga sananene china, chokokera chikhale pakati pa mamilimita 650 ndi 750 kuchokera pa chitofu. Chikakwera kwambiri nthunzi imathawira m'mbali.

Chinthu china chimene sindingachisiye. Nyumba zakale za ku England zina zikadali ndi boila kapena moto wa gasi umene umapuma mpweya wa m'chipinda n'kutulutsira utsi m'chumuni. Chokokera champhamvu chikayaka zitseko zili zotseka, chimatha kukoka utsi wa m'chumuni uja kubwerera m'nyumba, ndipo m'menemo mumakhala carbon monoxide, mpweya wakupha wosaoneka komanso wosanunkha. Ngati muli ndi chipangizo chotere, itanani mmisiri wa gasi wolembetsedwa ku Gas Safe Register adzayeze chokokera chili choyaka, ndipo gulani alamu ya mpweyawu. Paipi ya chokokera isalowetsedwe m'chumuni chimene chikugwira ntchito, ngakhale wina atakuuzani kuti n'chidule.

Akakonza, yesani nokha. Yatsani makina, ikani kapepala ka kuchimbudzi pa sefa: kakamatirira, akukoka. Kenako tumani mwana panja akaone ngati kachitseko kaja katseguka. Mmisiri akakana kubwerera, mulembereni kalata yokhala ndi zithunzi za kudenga, ndipo funsani ku ofesi ya khonsolo yoyendera zomangamanga.

FUNSO: Achimwene, ndimachita lendi kafulati ku Manchester. Chokokera utsi chilipo koma kunja kulibe bowo lililonse. Ndiye utsi umapita kuti? Pakona ya khitchini payamba kuda. Mnyamata wa ku Dedza.

YANKHO: Supita kulikonse, achimwene. Chanucho ndi chija chozunguza mpweya: chimaukoka, kuusefa pa sefa ya makala, n'kuubwezera m'khitchini momwemo cha pamwamba. Chimagwira mafuta ndi fungo pang'ono ngati sefayo ikusinthidwa pakapita miyezi ingapo, koma nthunzi siigwira. Ngati chitofu n'cha gasi ndiye zinanso, chifukwa gasi akamayaka amatulutsa nthunzi yakeyake ndi mpweya wotchedwa nitrogen dioxide umene umavutitsa odwala mphumu, ndipo zimenezi sefa ya makala siithana nazo. N'chifukwa chake lamulo silichiwerengera ngati chotulutsa mpweya.

Kuda kwa pakonako ndi nkhungu. Musaipeputse. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale, pafupi ndi kwanuko, ndipo wofufuza za imfa anapeza mu 2022 kuti chinamupha ndi nkhungu ya m'nyumba imene makolo ake ankachita lendi. Kuyambira pamenepo nkhani ya chinyezi siitengedwanso mwachibwana. Jambulani pakonapo, lemberani mwini nyumba uthenga wosungika wopempha fani yotulutsira panja, ndipo akakhala chete pitani ku khonsolo. Musaboole khoma la eni ake nokha. Podikira, vindikirani miphika, tsekani chitseko cha khitchini pophika, tsegulani windo ngakhale kukuzizira.

FUNSO: Bambo, tili ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Tagula chokokera chachikulu cha 600 cfm (ma kiyubiki fiti 600 a mpweya pa mphindi) koma woyendera nyumba akuti tiike kaye polowera mpweya. Si kufuna kutidyera ndalama kumeneku? Bambo M.

YANKHO: Ayi bambo, akutsata buku. Madera ambiri a ku America amatengera malamulo awo pa International Residential Code, ndipo gawo M1503 ndilo la zokokera utsi. Limafuna kuti paipi itulukire panja, osati kudenga kapena kunsi kwa nyumba. Ikhale ya chitsulo chokutidwa ndi zinki, chitsulo chosachita dzimbiri kapena kopa. Ikhale yosalala m'kati, yosadontha mpweya, yokhala ndi kachitseko koletsa mphepo kubwerera, komanso yosaphatikizana ndi paipi ya kubafa kapena ya makina oumitsira zovala. Muyeso wochepetsetsa ndi 100 cfm kwa chokokera choyatsa ndi kuzimitsa.

Chanu chadutsa malire a 400 cfm, amene ndi pafupifupi malita 190 pa sekondi. Mpweya wonse umene chikutulutsa uyenera kulowa penapake, ndipo nyumba za kumeneko n'zomata kwambiri chifukwa cha chisanu. Ukasowa polowera umatsika ndi chumuni cha chotenthetsera madzi, utsi wake n'kubwera nawo. Ndiye amafuna njira ya mpweya wolowa yotseguka nthawi imene chokokera chayaka. Dera lililonse limasinthako pang'ono malamulowa, choncho mawu a woyenderayo ndiwo omaliza. Koma ndikanakhala ine, pa chitofu wamba cha mafuwa anayi, ndikanabweza chimenecho n'kugula cha 300 kapena 400 cfm chotambalala bwino, chophimba mafuwa akutsogolo. Ndalama yotsalayo ipite pa paipi yabwino.

FUNSO: Ndikumanga ku Area 49 ku Lilongwe, khitchini yolumikizana ndi pabalaza ngati za pa intaneti, ndipo tiziphikira gasi. Chokokera utsi n'chofunika, kapena n'chokongoletsa chabe? Mayi C.

YANKHO: N'chofunika, mayi, pokhapokha chitulukire panja. M'nyumba zatsopano za m'tauni ndikuona zokokera zambiri zongopachika, paipi yake yolowa mu siling'i basi. Pansi pa malata nthunzi ija imasanduka madzi usiku wa mu Juni, malata amayamba dzimbiri cha m'kati, siling'i imachita mawanga, ndipo mafutawo amaitana mphemvu ndi makoswe. Poti mukadali pa njerwa, ikani chitofu pa khoma lakunja ndipo uzani omanga asiye bowo la mamilimita 150 asanapake pulasitala. Lisayang'anizane ndi windo la kuchipinda kapena la aneba.

Magetsi akazima chokokeracho chimagona, gasi akuyakabe, choncho windo lalikulu lotseguka pafupi ndi chitofu likhalepo, ndi njerwa zamabowo cha m'mwamba. Mbaula yokha isalowe m'nyumba ngakhale chokokera chikuyaka. Makala amatulutsa carbon monoxide wambiri kuposa gasi. Siyani kakhonde kofolera kuseri kuti nyemba ndi usipa ziziphikidwa kumeneko.