Za foni mu wodi, ndiyankheko ine namwino

Achemwali pepani ndi matenda a mayi. Mwafunsa kuti bwanji anesi timadana ndi foni za odwala, poti wina anakukalipirani usiku mukuimba vidiyo kolo kuti achimwene anu a ku Johannesburg awaone mayi ali pa bedi, pomwe anesi omwewo tsiku lonse maso ali pa WhatsApp. Ine ndine namwino, chaka cha 11 tsopano pa chipatala china cha boma, ndiye ndiyankheko poti makomenti ndikuona akungotitukwana basi kkkk.

Kukalipako kunali kolakwika, zimenezo sindiikira kumbuyo. Munthu wadwazika kholo lake samulankhula ngati mwana. Koma foniyo payokha ambirife sitidana nayo, chimene chimatidumphitsa mtima ndi kamera ndi tchaja.

Ndiyambe ndi kamerayo. Inu mukamaimba vidiyo maso anu ali pa nkhope ya mayi anu, koma kamera siisankha. Mawodi athu mukuwadziwa, mabedi ogundana, ena agona pansi pa matiresi, masikirini otchingira alipo awiri kapena atatu wodi yonse. Kuseri kwa mayi anuko kuli mayi ena nsalu yawavuka sakudziwa n'komwe, wina ali ndi paipi ya mkodzo, wina tikumusintha zofunda atadziipitsira, wina akutsirizika. Onsewo akuonekera ku Johannesburg, ndipo uko foni ili m'manja mwa anthu angati inu simukudziwa, wina akangopanga sikirinishoti basi nkhani yayenda. Pali anthu amagonekedwa abale awo ena osadziwa, pali matenda amene munthu sanauze ngakhale mwamuna wake, ife tinalumbira kusunga chinsinsi chimenecho ndipo chikatuluka amene amakaitanidwa ku Nurses and Midwives Council, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, si gadiyani ayi, ndi nesi amene anali pa dyute. Chigawo 21 cha Malamulo oyendetsera dziko chimanena za ufulu wa munthu wosungiridwa chinsinsi, ufulu umenewu sutha chifukwa munthu wagona pa bedi ya boma. Palinso lamulo lija la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, muli milandu ya kuzunza anthu kudzera pa intaneti, anthu amaliiwala akamaponya zithunzi za eni ake.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi cha maliro. Munthu wangotsirizika kumene, ife tikufunafuna wachibale wamkulu woti timuuze mwaulemu, gadiyani wa bedi ina waika kale pa sitetasi kuti RIP ndi chithunzi chomwe. Ndinaonapo mtsikana akulowa mu wodi ndi basiketi ya phala akulira kale, wamvera pa gulupu ya kumpingo ali mu minibasi. Ndi mwambo wathu umenewo? Uthenga wa maliro uli ndi eni ake oupereka.

Koma ndisanamenso, alipo anzathu amene kamera amaiopa pa zifukwa zawo. Amene amatukwana azimayi ku leba, amene amagona pa naiti odwala akubuula, amenewo foni ndi mdani wawo ndithu ndipo ine sindiwamvera chisoni. Kungoti vidiyo ya masekondi 20 siionetsa kuti nesiyo ali yekha ndi wodi yodzaza kuyambira madzulo. Ngati wina wakulakwirani lembani tsiku, nthawi ndi wodi, kaonaneni ndi a in-charge kapena a metroni, zikakanika m'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala, womva madandaulo a odwala. Kumeneko nkhani imakafika pa munthu wolakwayo, pa Facebook imangopaka tonse.

Tsopano tchaja. Usiku wina ndili ku wodi ya ana ndinangomva alamu ya makina a okosijeni ikulira, kuthamangira kuja ndikupeza pulagi ili pansi, mu soketi muli tchaja, kafoni ka mabatani kakutchaja bwinobwino. Agogo amene anazula sanachite mwankhanza, iwo ankaona ngati ndi chifiriji chinachake chongolira, amafuna aimbire kumudzi kuti atumize ufa. Makina aja sasunga mpweya ngati silinda, amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo n'kumasefa, ndiye ukazula okosijeni amaima pompo, ndipo nthawi zina makina amodzi timawagawira ana angapo. Anawo anapulumuka koma ine miyendo inanjenjemera mpaka m'mawa. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona munthu akuzungulira ndi tchaja m'manja mawu anga amakwera okha, ndiye mwina nesi wanuyonso ali ndi usiku wake umene amaukumbukira.

Zoti foni imasokoneza makina zija n'zoona pang'ono chabe. Ikayandikira kwambiri makina ena ikhoza kutero, n'chifukwa chake ku ICU, ku fiyeta ndi ku nesare timati ikhale kutali, mita imodzi kapena kuposa. Koma mu wodi wamba dripu yongopachika pa chitsulo singasokonezeke ndi foni, amene amakuuzani zimenezo akungofuna muzimitse. Ngakhale ku England zoletsa foni chipatala chonse anazifewetsa mu 2009, anangosiya malo a makina ovutawo.

Phokoso ndiye nkhani ya umunthu basi. 11 koloko usiku wina waika loudi akumvera ulaliki, wina mavoisi a pa gulupu, pafupi pali munthu mutu ukumung'amba. Komanso nthawi ya raundi, adokotala ayima ndi fayilo akudikira wodwala amalize kuuza mlamu wake za mbuzi yosowa.

China chimene anthu sachiganizira, foni ndi yauve. Imapita nanu ku toileti, imagona pa bedi, kenako dzanja lomwelo likutema nsima. Nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 tinkasambitsa anthu m'manja ndi kolorini koma foni ikutuluka mu tenti osapukuta. Kathonje konyowetsa ndi sipiliti kamakwana.

Ubwino wake ndiye ife timauona kuposa inu. Mankhwala akatha ku famase ndalama imabwera pa Airtel Money kapena Mpamba munthu n'kukagula pompo. Magazi akasowa abale amaitanidwa pa foni. Magetsi akathima jenereta isanayake tochi ya wodwala yemweyo ndi imene timaunikira pobaya kanyula, ine ndabereketsapo mwana ndi tochi ya foni ya gadiyani. Nthawi ya Covid odwala a ku isolation ena mawu omaliza ndi ana awo analankhula pa foni ife titawagwirizira kukhutu. Ndipo ine ndimawauza ndekha odwala anga potuluka kuti jambulani peji ya m'buku lanu la kuchipatala, mabukuwa amanyowa amasowa, tcherani alamu ya nthawi ya mankhwala, mukakhala ndi funso kunyumba imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, pa Airtel ndi ulere. Bola zimenezo kusiyana ndi mavoisi aja oti siyani mapilisi a shuga muzimwa masamba akutiakuti.

Za anesi kukhala pa foni, theka mukunena zoona. Nthawi zina tikutumiza chithunzi cha X-ray kwa kiliniko (dokotala) amene ali pa kolo, woitanidwa pakagwa zadzidzidzi, kapena tikuwerengetsa mlingo wa mankhwala a mwana pa kakyuleta, kapena kusakasaka ambulansi. Nthawi zina ndi TikTok, ndisakunamizeni, ndipo zimandichititsa manyazi.

Mawa mukafuna kuwaimbira achimwene chitani masana nthawi yoona odwala, muuzeni kaye nesi kuti tikufuna tiwaonetse mayi kwa mwana wawo ali kunja, ambiri adzakukokerani sikirini okha. Kamera iyang'ane kukhoma, valani maiyafoni, tchaja funsani soketi yake. Mayi ayamba kudya?